Kodi Tiwabisire Ana Athu Mafupa a ku Uraha?

Pali mlandu umene umabuka kawirikawiri makolo ndi aphunzitsi akakhala pansi kukambirana za maphunziro a ana, ndipo kuno ku Bolero mlanduwo sunatilambalale ayi. Nawu: kodi nkoyenera kuti mwana wa sukulu aziphunzitsidwa kuti zamoyo zonse, mitengo, nsomba, nyama ndi anthu omwe, zakhala zikusinthika pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri, kuchokera kwa makolo akale amene maonekedwe awo sanali monga a zamoyo za lero? Chiphunzitso chimenechi Angerezi amachitcha evolution, ndipo ife tingachitche chisinthiko cha zamoyo. Ena akuti chichotsedwe m'sukulu pakuti chimanyoza Mulungu. Enanso, amene ndi owerengeka koma olankhula mokweza, akuti chochotsedwa chikhale chipembedzo, pakuti sukulu si tchalitchi. Ine ndagwira choko zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikunena poyera kuti mbali zonse ziwiri zalakwa. Koma mawu anga ambiri adzapita kwa oyambawo, chifukwa ndiwo ochuluka kwathu kuno, ndiwonso abale anga amene ndimakhala nawo pa benchi limodzi tsiku Lamulungu.

Tiyambe tachotsa chitsa chimene ambiri amapunthwapo. Mudzamva munthu akunena mwaukali kuti: "Ine sindinachokere kwa nyani!" Munthuyo wanena zoona, ndipo palibe buku la sayansi limene limamtsutsa. Anyani amene amatithera chimanga m'minda ya kufupi ndi Vwaza sanabale munthu, ndiponso sadzabala munthu mpaka kalekale. Chimene akatswiri amanena nchakuti munthu ndi nyama zina za mtundu wa anyani, makamaka chimpanzi chimene chimakhala m'nkhalango za ku Congo ndi za m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ali ndi kholo limodzi lakale kwambiri, limene silinali munthu, silinalinso chimpanzi. Msuweni wako sanakubale, koma agogo anu ndi amodzi. Taganizirani za zinenero zathu. Mtumbuka amati maji, Mchewa amati madzi. Mtumbuka amati kurya, Mchewa amati kudya. Ife timati anthu, Mswahili amati watu, Mzulu amati abantu. Kodi Chichewa chinabadwa kwa Chitumbuka? Iyayi. Zonsezi zinachokera ku chinenero chimodzi cha makolo chimene lero palibe amachilankhula. Ndipo panalibe tsiku limene mayi anagona akulankhula chinenero china, m'mawa mwana wake nkudzuka ndi china. Mwana aliyense analankhula monga amake, koma mibadwo itachuluka, a kumpoto ndi a kumwera anayamba kufuna womasulira. Chisinthiko cha zamoyo chimayenda motero, kungoti ulendo wake ngwautali koposa.

Tsono chimene chimayendetsa kusinthikaku mlimi aliyense amachidziwa, ngakhale sanalowepo m'kalasi. Pokolola, mayi wanzeru sasunga mbewu mwachisawawa. Amasankha zisononkho zazikulu, za njere zolimba zimene nankafumbwe sazilowa msanga, nazimangirira kudenga la khitchini kuti utsi uzisunge. Woweta ng'ombe amasiya nkhunzi yabwino, zotsalazo nkuzifula kuti zikoke ngolo. Amachita zimenezi chifukwa akudziwa zinthu ziwiri: kuti ana a mimba imodzi salingana, ndiponso kuti mwana amatengera kholo lake. Chimanga chimene timadyachi chinayamba ngati udzu wa njere zowerengeka ku dziko la Mexico, ndipo ndi manja a alimi osankha mbewu chaka ndi chaka amene anachifikitsa pamene chili. Charles Darwin, Mngerezi amene anasindikiza buku lake lotchuka mu 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone anafika pa nyanja yathu, anayamba buku lakelo ndi nkhani ya ziweto ndi nkhunda. Kenaka anafunsa kuti: ngati mlimi angasinthe mbewu posankha, nanga chilala, njala, matenda ndi zilombo sizisankhanso? Mbawala yothamanga imapulumuka nkubereka, yolemera miyendo imadyedwa isanabereke. Mutu wa nkhani yonse ndi umenewu. Kodi pamenepa mwamvapo mawu otukwana Mulungu?

Mwina wina adzati izi ndi nkhani za m'mabuku a Azungu, sizikutikhudza. Tiyeni tsono tipite kuchipatala. Akuluakulu onse akukumbukira mankhwala owawa aja otchedwa chloroquine, amene kale munthu akamwa malungo ankatha. Pofika zaka za m'ma 1980 mankhwalawo anayamba kulephera, ndipo ana ambiri anamwalira atamwa ndithu. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kutenga Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndipo mu 2007 Boma linabweretsa LA. Kodi anasintha ndi mankhwala? Ayi, tinasintha ndi tizilombo ta malungo. Mwa tizilombo tosawerengeka timene tinali m'magazi a anthu, tina tochepa tinabadwa tosiyana pang'ono ndi tinzake, monga m'munda umodzi mumakhala mapesi ena opirira dzuwa. Mankhwala anapha tofooka, topirirato tinatsala, tinaswana, ndipo tinadzaza dziko. Chodabwitsa nchakuti chloroquine atasiyidwa zaka zoposa khumi, ofufuza a ku Blantyre analengeza mu 2006 kuti tizilombo tomvera mankhwalawo tachulukanso, pakuti topirira tija tinalibenso chotipambanitsa pa tinzake. Sindikunena izi kuti mukafune chloroquine, ayi ndithu, mverani achipatala. Ndikunena kuti muone kuti chisinthiko chinachitika m'mitsempha mwathu, ife tili moyo, ndipo chinatidyera ana.

Pamenepa mpamene ndimapsera mtima. Namwino akakuuzani kuti mumalize mankhwala onse ngakhale mwayamba kupeza bwino, kapena kuti musadumphitse tsiku pa mankhwala a chifuwa chachikulu ndi ma ARV, chifukwa chake nchomwechi. Mlangizi wa zaulimi akakuuzani kuti musamapopere mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, kapena kuwasungunula ndi madzi ambiri pofuna kuti akwanire munda wonse, chifukwa chake nchomwechinso. Munthu amene anamva chifukwa amasunga lamulo ngakhale namwino palibe. Munthu amene anangolamulidwa amasiya mapiritsi atatu pansi pa mphasa kuti adzamwe tsiku lina. Tsono amene akuti tichotse chiphunzitsochi m'sukulu adziwe kuti akuchotsa chifukwa, nasiya lamulo lokha. Kodi anamwino athu a mawa, alangizi athu, madokotala a ziweto, tidzawatenga kuti ngati tiwatseka maso akali aang'ono?

Za nsomba ndingonena mwachidule. M'nyanja yathu muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limodzi, monga mbuna, utaka ndi ncheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ina imapala ndere pamiyala, ina imasefa mchenga, ina imasaka zinzake, koma pafupifupi yonse imasungira mazira m'kamwa, ndipo akatswiri apeza kuti inachokera kwa makolo amodzi. Ndicho chifukwa china chimene mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ophunzira a ku maiko akutali amaphunzira za nsombazi m'makalasi mwawo. Mwana wa msodzi wa ku Mlowe, amene amaziona ndi maso, iye ndiye aletsedwe?

Koma umboni umene ukundilembetsa mawu awa uli pansi pa mapazi athu, kuno kumpoto. Malasha amene akhala akukumbidwa ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi si miyala wamba. Ndi nkhalango zakale zimene zinagwera m'madambo, zinakwiririka, ndipo zinapanikizika kwa nthawi yaitali mpaka kusanduka chimene timachionacho. Mutatsika phiri kufika ku Chiweta, m'boma lathu lomwe lino la Rumphi, m'miyala ya kumeneko munapezeka zigaza za nyama zimene zinali ndi moyo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo imodzi mwa izo mu 2015 inapatsidwa dzina lakuti Lende chiweta. Kupitirira apo, ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, kunafukulidwa mafupa a chinyama chachitali ngati basi yaikulu, cha khosi lalitali, chimene chinkadya masamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake oyamba analembedwa m'mabuku mu 1928, ndipo mu 1993 chinapatsidwa dzina la dziko lathu, Malawisaurus. Mmodzi wa akatswiri amene anagwira ntchito yaikulu pa mafupa amenewa ndi mayi wa Chimalawi, Elizabeth Gomani, amene mu 2005 anatchanso chinyama china dzina lakuti Karongasaurus. Ndikutchula mayiyu dala, kuti asungwana athu amve kuti ntchito imeneyi si ya alendo okha.

Ndipo mu 1991, pa Uraha kufupi ndi Chilumba, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linapeza chibwano cha m'munsi, mano ali momwemo. Chibwanocho si cha nyani, komanso si cha munthu wonga inu ndi ine: nchokhuthala, mano ake ngaakulu. Akatswiri anachiwerengera ku mtundu wotchedwa Homo rudolfensis, ndipo zaka zake nzapafupifupi 2,400,000. Chili m'gulu la mafupa akale koposa a fuko limene ife anthu tilimo. Mu 1996 ku Malema, kufupi ndi Karonga, kunapezekanso chidutswa cha nsagwada cha mtundu wina wa mano aakulu koposa, umene unakhalako nthawi yomweyo koma unatha wosasiya mbumba.

Nambala zotere zimazunguza mutu, tsono tiyeni tiziyese ndi chimanga. Njere imodzi ikhale chaka chimodzi. Zaka zonse kuyambira kubadwa kwa Yesu kufika lero zingokwana m'kapoto kakang'ono. Zaka za chibwano cha ku Uraha zidzadzaza matumba a makilogalamu 50 oposa khumi. Zaka za nyama za ku Chiweta zidzafuna matumba oposa 1,000. Mudzafunsa kuti akudziwa bwanji, popeza panalibe wolemba. Dothi limagona m'mizeremizere, la pansi ndilo lakale. Ndiponso m'miyala ina, makamaka m'phulusa la mapiri a moto, muli zinthu zimene zimasanduka zina pa liwiro lodziwika, losafulumira ndi losachedwa, kotero kuti woyeza angawerenge zaka monga tiwerengera nthawi pa wotchi. Ku Uraha anayerekeza mafupa a nyama zopezeka pamalo omwewo, monga nguluwe zakale, ndi a ku Kenya ndi ku Ethiopia kumene phulusa lotere linayezedwa. Inde, akatswiri amakangana pa zina, ndipo nthawi zina amanamizidwa. Chigaza cha ku Piltdown ku England, chimene chinaonetsedwa mu 1912, chinali chachinyengo. Koma anaulula chinyengocho mu 1953 ndi akatswiri anzawo, poyeza mafupawo mwatsopano. Mwana ayenera kuphunzira zimenezinso, kuti adziwe kuti m'sayansi mawu a munthu wamkulu sapambana muyeso.

Tsono abale anga a mumpingo adzati: "Nanga Baibulo likuti dziko lili ndi zaka 6,000 zokha?" Tsegulani Baibulo lanu, inu amene mwaphunzira kuwerenga, mufunefune nambala imeneyo. Simudzaipeza. Anaiwerengera ndi bishopu wa ku Ireland, James Ussher, mu 1650, pophatikiza zaka za mibadwo yolembedwa, napeza kuti dziko linalengedwa mu 4004 Yesu asanabadwe. Osindikiza anaiika m'mphepete mwa masamba a Mabaibulo a Chingerezi, ndipo anthu anayamba kuiyesa mawu a Mulungu. Bishopuyo anali munthu wophunzira ndi wakhama, koma sanafikeko ku phiri la Hora ku Mzimba, kumene Angoni amachitira Umthetho. Patsinde pa phirilo panapezeka manda a anthu enieni onga ife, amene anaikidwa zaka zoposa 8,000 zapitazo. M'phanga la Fingira pa Nyika, pamwamba pathu pomwepa, munapezeka mafupa a anthu a zaka pafupifupi 6,000. Anali alenje ndi otola zipatso, a mtundu wa aja makolo athu ankawatcha Akafula. Iwo anali kuno Mlowoka asanaoloke nyanja ndi makasu ake, ufumu wa Chikulamayembe usanayambe, ngakhale mlimi woyamba asanateme mtengo m'chigwa cha Nkhamanga. Kodi titsutse mafupa kuti titeteze masamu a bishopu?

Ndiponso si zoona kuti munthu ayenera kusankha chimodzi, Mulungu kapena chisinthiko. Mu 1883 pa nyanja yathu panafika Henry Drummond, mlaliki wotchuka wa ku Scotland, amene ankaphunzitsa sayansi pa sukulu ya abusa ya mpingo womwewo umene unatumiza mishoni ya Livingstonia. Anayenda mpaka kumapiri a kumpoto kwa Karonga, akuyang'ana chiswe ndi tizilombo timene timadzifanizira ndi udzu kuti mbalame zisatione. Munthu ameneyu anakhulupirira Khristu mpaka imfa yake, anakhulupiriranso chisinthiko, ndipo mu 1894 analemba buku lonena kuti chisinthiko ndiyo njira imene Mlengi anagwirira ntchito yake. Ena mumpingo wake anamuda nazo, komatu sanamchotse. Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a mmene ana amatengera makolo poyesa nsawawa za kwawo m'dimba, anali wansembe. Papa Pius XII mu 1950 analola Akatolika kufufuza za chiyambi cha thupi la munthu, pokhapokha asunge chikhulupiriro chakuti mzimu umachokera kwa Mulungu, ndipo Papa John Paul II mu 1996 ananena kuti umboni wa chisinthiko wakula kotero kuti sichilinso chongoganizira. Ndikudziwa kuti ilipo mipingo imene sivomereza zimenezi, ndipo ufulu umenewo ngwawo. Koma asanene kuti Akhristu onse ali mbali yawo.

Kwa ine nkhaniyi ili chonchi. Mwana akafunsa kuti mwana wakhanda amachokera kuti, agogo amayankha kuti ndi mphatso ya Chiuta, mzamba amayankha za miyezi isanu ndi inayi ya m'mimba. Ndani wanama? Palibe. Mzamba wayankha funso lakuti zimachitika bwanji, agogo ayankha lakuti wapereka ndani, ndipo tikhale naye motani mwanayo. Buku la Genesis silinalembedwe kuti litiphunzitse kuyeza miyala, monganso buku la sayansi silingauze munthu wamasiye chifukwa chake ayenera kudzuka m'mawa ndi kupitiriza moyo.

Pali chodandaula china chimene ndimachilemekeza koposa zonsezi, ndipo sindidzachizemba. Akuluakulu ena amati: "Azungu ankatitcha anyani, tsono inu mukufuna kuphunzitsa ana athu kuti ankanena zoona?" Bala limeneli ndi lenileni. Mu 1906 munthu wa ku Congo dzina lake Ota Benga anaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo oonetsera nyama ku New York kuti anthu azimuonera, ndipo amene anadzudzula mwamphamvu chonyansacho anali abusa akuda a kumeneko. Ambiri amene ankadzitcha ophunzira masiku amenewo anapotoza chiphunzitso cha Darwin kuti chiwaikire kumbuyo pa tsankho lawo. Koma taonani chimene mafupa anayankha. Chigaza cha mwana cha ku Taung ku South Africa chinapezeka mu 1924, ndipo akatswiri ambiri a ku Ulaya anachikana zaka zambiri, pakuti sanayembekeze kuti chiyambi cha munthu chingakhale mu Africa. Mafupa anapitirira kutuluka, ku Tanzania, ku Kenya, ku Ethiopia, ndi kuno ku Uraha, mpaka kukana kunatha. Lero sayansi ikunena kuti anthu onse, Mzungu, Mmwenye, Mtchaina ndi ife, ndi mtundu umodzi, ndipo makolo a onsewo anachokera mu Africa. Boma la tsankho la ku South Africa silinalole chiphunzitsochi m'sukulu zake. Chinalowa m'maphunziro a kalasi yomaliza ya sekondale mu 2008, tsankho litagwa. Ine sindidabwa nazo. Munthu amene akufuna kuti ukhulupirire kuti iye ndi wa dongo lina sangakonde kuti ana amve kuti agogo ndi amodzi.

Kwathu kuno palibe lamulo loletsa chiphunzitsochi, monga lija la ku Tennessee ku America limene linalipiritsa mphunzitsi John Scopes madola 100 mu 1925, nkudzafafanizidwa mu 1967. Mutu wa chisinthiko ulimo m'phunziro la Biology ku Fomu 4. Chimene tili nacho ife nchobisika, ndipo nchoipa koposa lamulo. Alipo aphunzitsi amene akafika pa mutuwo amaulumpha, nati nthawi yatha. Alipo ena amene amaulemba pa bolodi, kenaka nkuuza ana kuti: "Izi mukalembe pa mayeso kuti mukhoze, koma musazikhulupirire." Ndamva mawu amenewa kwa ana amene anachoka m'manja mwanga kupita ku sekondale, ndipo ndinachita nawo manyazi. Mphunzitsi wotere akuganiza kuti akuteteza chikhulupiriro, koma chimene waphunzitsa mwanayo nchakuti munthu angathe kulemba chimene akuchiyesa bodza malinga apindule nacho. Mwana ameneyo akadzakhala kalaliki wa Boma kapena msungichuma wa mpingo, tisadzadabwe ndi malisiti ake.

Ndiponso kubisa sikuthekanso masiku ano. Mnyamata amene tamubisira adzazipeza pa foni, usiku, ali yekha, kwa anthu amene alibe naye chisoni, amene adzamuuza kuti popeza akulu ako anakunamiza pa zaka za dziko, anakunamizanso pa zonse. Pamenepo adzataya Baibulo, mwambo ndi ulemu tsiku limodzi. Ndaona achinyamata otere, ndipo sanawasocheretse ndi Darwin ayi, koma kukhala chete kwa ife. Inu a sukulu za kwacha mukudziwa kuwawa kwake kopempha munthu wina kuti akuwerengereni kalata yanu, osadziwa ngati wawerenga zonse kapena wadumpha mzere. Munalimbika kuphunzira mutakula kale kuti zimenezo zithe. Kodi tsopano inu mukhale odumphira ana anu mzere?

Tsopano mawu ochepa kwa a mbali ina ija, amene akuti chipembedzo chituluke m'sukulu. Amenewa aiwala kumene sukulu zathu zinachokera. Robert Laws, amene anali dokotala ndiponso mbusa, anakhazikitsa sukulu yaikulu pa Khondowe mu 1894, ndipo sukulu zambiri za m'midzi yathu zinayamba pansi pa denga la tchalitchi. Mwana wosadziwa nkhani ya Yosefe ndi abale ake, wosadziwa chifukwa chake mnzake wa Chisilamu amasala kudya mwezi wa Ramadani, wosadziwa kuti makolo ake ankapempha mvula kwa Chiuta pa phiri la Chikang'ombe, ameneyo ndi mlendo m'dziko lake, ngakhale atakhoza masamu onse. Chipembedzo chiphunzitsidwe. Koma nachonso chiphunzitsidwe poyera, chonse. Mu 2000 Unduna wa Zamaphunziro unabweretsa m'sukulu za sekondale phunziro lotchedwa Religious and Moral Education, lokhala ndi Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, kuti lilowe m'malo mwa Bible Knowledge. Mipingo ikuluikulu inakana, Pulezidenti Bakili Muluzi analiimitsa, ndipo pambuyo pake anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo. Mantha amene ndinawamva masiku amenewo ndi omwewa ndikuwamva lero pa nkhani ya mafupa: akuti mwana akamva za chinthu china adzatayika. Chikhulupiriro chimene chingafe chifukwa mwana wamva za Mneneri Muhammad kapena za chibwano cha ku Uraha, tinachibzala mosazika.

Chimene ndikupempha nchakuti phunziro lililonse likhale m'nthawi yake. Mphunzitsi wa sayansi asalalikire, ndiponso asaseke chikhulupiriro cha mwana, pakuti muyeso wake sufika kumeneko. Mphunzitsi wa Baibulo asasandutse Genesis buku la miyala. Pa sukulu zathu za pulaimale kawirikawiri munthu mmodzi yemweyo ndiye amaphunzitsa zonse ziwiri, belu likangolira. Ameneyo ndiye ayenera kusamala koposa, ndipo mwana akamufunsa kuti "Aphunzitsi, inu mumakhulupirira ziti?" ayankhe zoona monga munthu wamkulu, osamuopseza.

Ndikupemphanso kuti tisadikire Fomu 4. Chiyambire 1994, pamene Boma linachotsa fizi ku pulaimale, ana ambiri amalowa Sitandade 1, koma tonse tikudziwa kuti ofika Fomu 4 ndi ochepa. Otsalawo ndiwo alimi, azimayi olera ana ndi mafumu a mawa, ndiwonso adzagula mankhwala opopera fodya ndi kumwetsa ana LA. Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana wa Sitandade 6 safuna mayina aatali a Chilatini. Mpatseni nyemba za mitundu isanu za pa msika wa Bolero, azisiyanitse, azibzale, aone zimene zidzatuluka. Muonetseni khala la ku Mchenga. Muuzeni nkhani ya chloroquine, afunse agogo ake ngati nzoona.

Ndipo ana a Sitandade 8 tiwatengere ku Karonga. Nyumba yosungiramo zakale ya kumeneko inatsegulidwa mu 2004, ndipo m'kati mwake mwaimikidwa chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus, pamodzi ndi nkhani ya ku Uraha ndi ku Malema. Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzaziona, pamene ana ambiri a ku Nkhamanga sanapondemo. Komiti ya sukulu isonkhetse ndalama ya galimoto fodya akagulitsidwa, ndipo pampando wa kutsogolo pakhale mkulu wa mpingo ndi nduna ya mfumu, kuti pasadzakhale wonena kuti aphunzitsi anatengera ana kumalo obisika. Msewu womwewo umadutsa pa Mchenga, umatsikira pa Chiweta, umapyola pa Chilumba, ndipo paliponse tingaime pang'ono ana atsike agwire miyala ndi manja. Tikanyamuka tambala woyamba, tidzafika ku Karonga dzuwa lisanafike paliwombo.